Galimoto Yopanda Malo a Apongozi

Inu aphunzitsi, bwezani foni m'thumba. Chiyambire m'mawa mwakhala pakhonde la sitolo ino ndi anzanu a kuchipatala kuonetsana zithunzi za magalimoto, wina akuti yofiira ya ku Italy ndiyo mfumu poti ndi yodula, wina akuti yakuda ya ku Germany ndiyo mfumu poti siwonongeka msanga, chonsecho pakati panu palibe amene anagwirapo ngakhale chitseko chake. Ine ndinayendetsa onse awiri tsiku limodzi, pa msewu wa ku Chikwa, mvula ili pamutu. Wofuna kuseka asekeretu manje, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano panja.

Ndinakhala ku Joni zaka zambiri, mpaka Chisenga changa chinayamba kuchita dzimbiri pakamwa. Kumeneko ndinali dalaivala wa anthu awiri apachibale, olemera moti ndalama zinkawasowetsa tulo. Anali a mimba imodzi, koma sankadyera pamodzi chifukwa cha magalimoto. Wamkulu anali ndi yofiira, wamng'ono anali ndi yakuda, ndipo akakumana nkhani inali yomweyo basi.

Mtengo wa yofiira musaufunse. Mutenge mpunga wonse wa m'madambo a Chama, mukolole chaka ndi chaka osadyako ngakhale kambewu kamodzi mpaka ana amene akukwawa lero amere ndevu, mwina mungagule chitseko chimodzi ndi galasi lake. Tayala lake limodzi mukhoza kufolera nalo malata sukulu yanu yonse, ndi nyumba ya ahedi pamwamba. Yakuda inali ngati theka la mtengo umenewo, ndipo chimenechi ndicho chinkamuwawa wamng'ono, poti mkulu wake ankaitcha galimoto ya amphawi.

Chaka china, nyengo yosaka ili kumapeto ndipo mitambo itayamba kusonkhana, abale aja anabwera kudzasaka ku Chifunda. Palibe anafuna kusiya galimoto yake, choncho anakweza onse awiri pa lole yaikulu mpaka pa boma pano. Polowa kuthengo anandisiyira makiyi, nati popeza ine ndine mwana wa kuno, ndiyese onse awiri pa misewu ya kwathu, akadzabwera ndidzawauze mfumu ndi iti. Ine ndinavomera ndi mtima wonse, chifukwa mkazi wanga Esnati, NyaZimba, malemu, anali atatsogola kale kwa amayi ake ku Chikwa ndi mimba yathu yoyamba, monga timachitira kuno kuti mwana woyamba akabadwire kwa agogo ake.

M'mawa mwake ndili kupukuta fumbi pa yofiira, anafika munthu pa njinga, thukuta likudontha m'chigongono. Anandiuza kuti Esnati wakhala akudwala chiyambire dzulo, azamba alephera, mwana wagona chopingasa. Ndinathamangira kuchipatala, ndinapeza ambulansi yapita ku Lundazi ndi wodwala wina. Nditakweza maso kumapiri a kum'mawa ndinaona kwada bii, ndipo inu obwera mwina simudziwa, koma ife a m'chigwa timadziwa kuti mvula ikagwa kumapiri, mtsinje wa mchenga umene mwawoloka ndi nsapato m'mawa, masana umanyamula mitengo ndi mizu yake. Mtsinje wotero unali pakati pa ine ndi mkazi wanga.

Ndinatenga yofiira, poti ndiyo inali yaliwiro. Galimoto imeneyo munthu salowa, amachita kugonamo ngati m'bwato, matako ali chala chimodzi kuchoka pansi. Nditailiza, malata a pamsika ananjenjemera, nkhuku za pa boma zinaleka kuikira, ndipo nditangoponda pang'ono pokha, mutu wanga unakanirira kumpando, nyumba zinasanduka mzere umodzi, chithunzithunzi changa chinatsalira pa geti la msika chikuyang'ana uku ndi uku, hutala imene ndinaliza pa boma ndinaisiya m'mbuyo moti sindinaimve konse, ndipo pokhota pa mitengo ya tsanya ndinapeza njovu zaima pamsewu, nthawi yogwira mabuleki panalibe, ndinangoweramitsa mutu n'kudutsa kunsi kwa mimba ya yamphongo, denga osakhudza ngakhale ubweya umodzi. Mukumva? Njovuyo inangomva kamphepo kozizira kumimba. Mtsinje ndinaupeza wouma, koma mchenga unkanunkha madzi, ndipo kumtunda kunkamveka kulira kwapansipansi.

Nditafika pamudzi ndinapeza Esnati ali pamphasa, milomo yatuwa. Sankabuulanso. Chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa njovu.

Apongozi anga anatuluka m'nyumba. Anali mayi wamfupi, wowonda, wosachuluka mawu, ndipo chikwatirire mwana wawo ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo kumaso. Akafuna kundiuza kanthu ankatembenukira ku nkhokwe n'kumauza nkhokweyo, ine n'kumayankha mtengo wa mango. Anaizungulira galimoto ija, anasuzumira mkati, kenako anafunsa nkhokwe kuti, “Mipando ili kuti?”

Ndinauza mtengo wa mango kuti mipando ndi iwiri yomweyo.

Apongozi anauza nkhokwe kuti mwana wawo sapita kukachira kwa alendo popanda mayi wake, ndiponso kuti iwo sangakhale bondo ndi bondo ndi mkamwini ngati mkazi wa kumowa. Ndinagwada. Ndinachonderera mtengo wa mango mpaka mawu anandithera. Esnati anagwira chitenje cha amayi ake osachitaya. Azimayi anayesa kumunyamula kuti aone ngati angakwane awiriwo pampando umodzi, koma mimba yokha inakana kulowa pakati pa mpando ndi denga. Anayesa kuika beseni m'kabokosi ka kutsogolo koikamo katundu, beseni linakana, munangolowa sopo ndi kansalu. Galimoto ya mtengo wa mpunga wa Chama yonse inaima pabwalo ngati nkhanga yokongola, yosatha kunyamula munthu mmodzi wodwala.

Inu a mafoni munena kuti ndi miyambo yachikale, mukanawakankhira mkati. Simunalipo. Simunaone dzanja la Esnati pa chitenje chija.

Ndinakumbuka kuti yakuda ili ndi timipando tiwiri kumbuyo, timene wamkulu uja ankatinyoza kuti ndi ta agalu. Ndinauza mtengo wa mango kuti asunge moyo wa mkazi wanga, ndikubwera, ndipo ndinatembenuza yofiira.

Pamtsinje ndinapeza madzi ayamba, a m'kapolo, ofiira, ali ndi thovu ndi tizitsotso. Ndinawoloka. Nditangokwera mtunda, galimoto inaima nji. Injini ikubangula, matayala akuzungulira, koma sitikusuntha. Nditatuluka ndinapeza mimba yake yakhala pa ndowe ya njovu ija, matayala onse ali m'malere. Ndikulumbira pamanda a mkazi wanga, galimoto yoopedwa ku Joni konse inagonja kwa ndowe imodzi. Mwayi wake ndi yopepuka ngati dengu, ndinaikweza ndi dzanja limodzi n'kuiika pambali. Pofika pa boma muvi wa mafuta unali utagona pansi, thanki yonse itamwedwa ulendo umodzi, ndipo chithunzithunzi changa ndinachipeza chikadali pa geti chikufunsa anthu kumene ndalowera. Ndinachiuza kuti chikwere msanga mu yakuda.

Manje mverani kusiyana kwake. Yofiira ikakhala mphezi, yakuda ndi bingu limene limabwera pambuyo pake pang'ono. Pa tala wosalala imasiyidwa, sindikana. Koma munthu umakhalamo ngati munthu, umaona kumene ukupita, ili ndi batani limene ukalidina imakweza mphuno ngati mbuzi yofuna masamba, ndipo imakoka ndi matayala onse anayi. Mvula inayamba ndikutuluka pa boma, ine patsogolo iyo pambuyo, madontho akugwera pamene ndachoka kale, ndowe ija ndinaidutsa osaimva, njovu zitandiona zinapatuka zokha poti mbiri inali itawanda, matope akuda a m'dambo amene amameza thalakitala ndinawang'amba pakati moti chaka chimenecho anthu anabzalamo mpunga osalimanso, ndipo pamtsinje madzi anali a m'mawondo, akukankha galimoto chammbali, koma inagwira mchenga ndi zala zonse mpaka kutsidya. Ndikuyang'ana pagalasi ndinaona mtengo wathunthu ukudutsa pamene ndinali.

Pamudzi tinagoneka mpando wa kutsogolo, Esnati anakwana. Beseni, zitenje, ketulo ndi kathumba ka ufa zinalowa m'bokosi lake la katundu kutsogolo. Apongozi anasuzumira, anaona kampando kumbuyo kwanga, anavula chitenje chapamwamba n'kuchimanga pakati pa ine ndi iwo ngati katani, kenako analowa n'kudzipinda, mawondo kuchibwano. Ndinaliza injini. Tinanyamuka.

Mtsinje tinaumva tisanauone. Titafika pagombe ndinaponda mabuleki. Madzi anali atadzaza tsidya ndi tsidya, akuwira, akugubuduza mitengo ndi mizu yake m'mwamba, mbuzi ya munthu itaima pa chipika ikulira ikupita ku Luangwa. Njira ina kunalibe. Mtsinje wotero umaphwa mawa lake, ndipo nditagwira dzanja la Esnati ndinapeza lazizira, maso atatembenuka, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono ngati wa mwana wa nkhuku. Mawa iye analibe. Ndikalowa m'madzi ndipha anthu atatu, wachinayi ine. Ndikaima ndipha awiri ndikuwayang'ana. Ine amene ndinayendetsa m'misewu ya Joni zipolopolo zikulira osaphethira, phazi langa linayamba kuvina lokha pa chopondera, manja anaterera ndi thukuta, ndipo ndinakhala pamenepo injini ikulira, osatha kupita kutsogolo, osatha kubwerera.

Pamenepo katani ija inagwedezeka. Dzanja louma, laling'ono, linatulukira n'kundigwira paphewa.

“Mwana wanga,” anatero apongozi, osati kwa nkhokwe, kwa ine. “Ponda.”

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pa minda ya m'mudzi. Ndinadina batani, mphuno inadzuka. Ndinaponda mpaka chopondera chinapsompsona pansi, ndipo tinafika pamadzi ndi liwiro loti madziwo analibe nthawi yotseguka, tinadumpha pamwamba pake ngati mwala wophwatalala umene ana amaponya padziwe, kudumpha koyamba pa thovu, kwachiwiri pamsana pa mvuu imene inangotulutsa mutu kuti ione phokoso, kwachitatu pa mtengo woyandama umene unatiponya m'mwamba moti ndinaona denga la chipatala kuchokera pamenepo, ng'ona inatsegula kukamwa n'kungoluma utsi, kumbuyo kwathu mtsinje unang'ambika mpaka mchenga wapansi unaoneka nsomba zikuphiriphitha, ndipo nthawi yonseyi dzanja lija silinachoke paphewa panga, zikhadabo zitalowa m'mnofu. Chipsera chake ndi ichi. Yandikirani muone. Mukumva? Tinatera kutsidya matayala ali ouma.

Kuchipatala anamunyamula Esnati kulowa naye mkati, apongozi pambuyo ndi beseni lawo. Ine anandisiya panja. Apa ndiye palibe galimoto imene inandithandiza. Ulendo wonse uja unali waufupi kuposa kukhala kwanga pansi pa khonde lija, ndikuyang'ana chitseko chimodzi, mvula imene ndinaisiya m'mbuyo itandipeza tsopano n'kumandimenya m'miyendo. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira, n'kutuluka munthu wina. Ndinapemphera m'Chisenga, m'Chizulu, m'Chingerezi, kuti chimene Mulungu amve msanga chikhale chomwecho.

Kenako anatuluka apongozi. Chitenje chawo anali atachimanganso bwinobwino. Anandidutsa, anatembenukira ku khoma la chipatala, n'kuuza khomalo kuti ndi mwana wamkazi, ndipo mayi wake wapempha madzi akumwa. Ine ndinathokoza thanki ya madzi imene inali pafupi. Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, sanandilankhulenso kumaso.

Abale aja atabwera kuchokera kuthengo ndinawauza chilungamo. Ndinati yofiira ndi yodula, ndi yaliwiro, ndi yokongola, ndipo ndi ya munthu amene alibe wina aliyense padziko. Mfumu ndi yakuda, poti ili ndi malo a apongozi. Wamkulu anakwiya, ulendo wonse wobwerera ku Joni sanandiyankhe ngakhale moni.

Mukufuna mboni? Mwana wanga Tiwonge alipo, ali ku Kitwe ndi ana ake, muimbireni, iyeyo anakwera nawo, kungoti anali m'mimba. Mvuu ija ikadalipo, ili ndi mzere wa tayala pamsana.

Esnati yekha ndiye ankandisokoneza. Ndikafika pamenepa, kaya pali alendo kaya tili awiri, ankaika pansi chimene wagwira n'kunena kuti, “Atate ake Tiwonge, inali thalakitala ya anthu ogula thonje, ndipo amama anakhala pa matumba.” Akatero ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ine n'kumalumbira, iye n'kumasekabe. Za dzanja la paphewa zokha ndizo sankatsutsa.

Chimuikireni m'manda, ndikafika apa ndimaima pang'ono, ngati mmene ndaimiramu. Mwaona, palibe wandidula mawu. Ndiye inali yakuda, ya ku Germany, ndipo tinawoloka matayala ali ouma.