Tenti ya Dalitso

Lolemba
Dalitso akupita ku migodi ya ku Solwezi Lamulungu likudzali. Mnzanga wa paubwana, tinakulira limodzi muno m'komboni ya Nabvutika, ndipo za kubwerako sakutchula. Anzathu agwirizana kuti titsanzikane naye ndi kampu: tikagone kutchire, tikavine mpaka miyendo ikane. Ntchito yofuna malo aitula kwa ine, eti nkhope yanga ndi yofatsa.
Malowo akhale:
- amthunzi
- kutali ndi makolo
- kutali ndi abusa
- osadana ndi sipika

Ndikufuna kumuuza kuti ndidzamusowa. Mwamuna sanena zimenezi masana ali bwinobwino. Pamafunika moto ndi botolo.

Lachiwiri
Ndikuimba foni kumalo ogona alendo ku Mfuwe. Mayi woyankha ndi waulemu mpaka pomwe ndatchula sipika. Akuti nyimbo zimasokoneza njovu. Njovu! Kwina akuti mowa palibe vuto, koma dzuwa likalowa aliyense akhale chete. Amenewo sanamuonepo mnzathu Mabvuto atalawa.

Lachitatu
Minibasi mpaka ku Madzimoyo. Mlimi wina ali ndi malo okoma m'mbali mwa dambo, mitengo ya mango, udzu wofewa. Akufunsa kuti ndife a mpingo uti, ndipo adzalalikira ndani. Ndikunena zoona. Andiperekeza mwaulemu mpaka kumsewu, galu wawo ali pambuyo panga.

Lachinayi
Gulu likuchepa. Ena akuti ali ndi ntchito. Mabvuto akuti kutchire kuli njoka, ndiponso foni sigwira. Tagwirizana kuti kampu ichitikira pabwalo la kwa Dalitso, poti amake apita ku Katete kukamutengera mtedza wa paulendo, abwera Lamulungu m'mawa. Tchire lathu tsopano ndi mtengo umodzi wa papaya. Tenti tilibe.

Lachisanu
Tenti yomwe ndikuidziwa m'komboni muno ndi ya kutchalitchi. Amasunga a Tembo, mkulu wa mpingo, amene khutu lawo limodzi linapuma kale pantchito. Ndikunjuta, ndikupempha. Akufunsa kuti ndi za ndani.
"Za Dalitso, atate. Akutisiya."
Avula chipewa. Kenaka akuti ndinyamule, ndisadandaule za kalikonse, ndilimbe mtima. Anthu abwino akadalipo! Ine ndimati akana.

Loweruka
Tenti taimika m'mawa. Dalitso ndi Mabvuto apita kumsika kukagula nyama yowotcha. Ndili pakati polumikiza sipika, ndikumva nyimbo ya kutchalitchi ikuyandikira.
Afika:
- amayi a chigwirizano, mitu yomanga
- abambo ndi nkhuni pa wilibala
- mabenchi
- a Tembo ndi Baibulo

Ine ndaima pakhomo la tenti, botolo lili m'manja. Kuno tenti siima pabwalo la munthu popanda maliro. Ndinabadwira muno, koma sizinandibwerere m'mutu. Ndikuyesa kulongosola, amayi aja akundisisita pamsana, akuti chisoni chandizunguza.

Wina waimbira kale amake Dalitso. Atsika minibasi ndi nsapato imodzi, akuitana dzina la mwana wawo. Kulira kumeneko sindidzakuiwala, ndipo manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Kenaka Dalitso watulukira pageti, nyama ili m'pulasitiki. Ena athawa kudumpha mpanda. Amake amugwira nkhope, amugwira mapewa, sakumusiya. Sanatukwane munthu. Andiyang'ana kamodzi kokha. Bola akanandimenya.

A Tembo akuti poti anthu asonkhana kale, tipemphere. Tapemphera mpaka dzuwa kupendeka. Nyama yapita ndi amayi a chigwirizano. Mabvuto waimba nawo nyimbo zonse, mawu ake ndi abwino, sitinkadziwa. Dalitso wakhala pamphasa pakati pa amake ndi azakhali ake, ine mpata woyandikira sindinaupeze.

Lamulungu
Kokwerera mabasi. Amake andiyankha moni, koma maso ali kwina. Dalitso wakwera, watulutsa mutu pawindo.
"Iwe, komboni yonse yandilira dzulo. Iwe wekha ayi."
Ndikuseka ngati chitsiru. Ndikuti nditsegule pakamwa, kondakitala wamenya chitseko, basi yanyamuka. Sindinanene.

Masana ndikupita kukatsitsa tenti, a Tembo akuifuna lero lomwe. Ndazula zikhomo za mbali imodzi yokha. Ndakhala pansi m'tenti yopendekekayo, misozi yabwera yokha. Mayi wina wa dzulo, akuchokera kutchalitchi, wasuzumira pampanda. Wandiyang'ana, wayang'ana tenti.
"Mwana wanga, ulendo uno ndani?"
"Yemweyo, amayi."