Tsiku la Miyendo kwa Chisomo

Mpaka lero amalume akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndiye bola ndiinene ndekha nkhaniyi anthu asanaikometse.

Amuna anga, bambo a Tadala, amagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira m'tauni. Kale akaweruka ankabwera molunjika kwathu ku Chirimba. Kenako anayamba kuchedwa, koma osati tsiku lililonse ayi: Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka basi. Ankafika atatopa, n'kumabuula pokhala pampando, koma nkhope ikumwetulira. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Ntchito, mayi a Tadala." (Ntchito yanji yoti munthu azibuula uku akumwetulira?)

Tsiku lina m'mawa ndikuyanika zovala, ndinawamva akunong'ona pafoni kuseri kwa bafa.

"Chisomo, chifuwa tinathana nacho Lolemba, msana unandipha dzulo. Loweruka ndikufuna miyendo, ndipo usandimvere chisoni."

Mapegi anandigwa m'manja. Ndinathamangira kwa mayi a Junior, aneba athu, omwe nkhani za mabanja a eni amazidziwa kuposa za banja lawo.

"Asisi," anatero akupukusa mutu, "mtsikana ameneyo ndi katswiri. Akuwapatsa pang'onopang'ono kuti asasiye kubwera."

Basi, pompo ndinaimbira amalume ku Bangwe, omwe ndi ankhoswe anga, kuti abwere Lamulungu, pali nkhani yaikulu.

Loweruka ndinakawadikirira bambo a Tadala pafupi ndi kuntchito kwawo nditafunda chitenje kumutu, dzuwa likuswa mtengo. Iwo atakwera minibasi ya ku Ndirande, ine ndinadumphira kabaza. Atatsika anadutsa kumsika, n'kukhotera kanjira ka kuseri kwa owotcherera zitsulo, n'kulowa mumpanda wina wa malata. M'katimo munkaphulika nyimbo. Ndinaima pageti mpaka ndinamva mawu omwe ndimawadziwa bwino:

"Chisomo, ndafa ine! Zakwana!"

Geti ija ndinaimenya ndi phazi.

Abale, inali jimu yonyamulirako zitsulo, munali amuna okhaokha, thukuta lili kamukamu. Bambo a Tadala anali atanyonyomala pakati pabwalo, chitsulo chili pamapewa, uku ndi uku kukulendewera zitini za penti zodzaza simenti. Kumbuyo kwawo kunaima chimunthu chandevu, mapewa otambalala ngati chitseko cha galaja. Chisomo anali ameneyo.

"Mayi a Tadala, mwadzatani kuno?" anafunsa amuna anga akunjenjemera.

Maso onse anali pa ine. Mawu anangotuluka okha pakamwa panga: "Ndabwera kudzayamba nawo."

"Alamu, mwachita bwino!" anakuwa Chisomo. "Madalawa nthawi alibe, ndiye thupi tinaligawa. Lolemba chifuwa ndi manja, Lachitatu msana, kuti mbali ina izipuma ina ikugwira ntchito. Lero mwapeza miyendo. Mangani chitenje."

Ndikanatani? Ndinanyonyomala, kudzuka, kunyonyomala, kudzuka, nditakumbatira rimu ya galimoto ngati mwana. Ndikati ndatopa, Chisomo amati, "Kamodzi kokha, alamu!" (Kamodzi ka munthu ameneyo sikatha.) Pobwerera m'minibasi bambo a Tadala anandiuza kuti ankabisa chifukwa cha manyazi, poti ndinawaseka pagulu batani la shati litathothoka pamimba ku ukwati wa msuweni wawo. Ndinangoti, "Oo," ngati ndinalibe maganizo ena.

Za amalume ndinaiwaliratu.

Kutacha miyendo inali ya munthu wina. Kuchimbudzi ndinapita chogwira khoma, ndipo za mmene ndinatulukiramo musandifunse. Ndili pamkeka ndikubuula, ndinangomva, "Odi kuno!" Ndinadzikoka kuti ndikagwade ndiwalonjere, koma mawondo anakana pakati panjira, ndinagwa chagada pamaso pawo.

Amalume anayang'ana ine, n'kuyang'ana amuna anga, nkhope itasintha.

"Achimwene, mwana wangayu mwamumenya?"

"Ayi amalume, ndi miyendo chabe. Dzulo tinali kwa Chisomo."

"Chisomo yemwe uja? Mwafika pomutengera mkazi wanu kwa chibwenzi chanu?"

Bambo a Tadala anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. "Chibwenzi?"

Ndinafotokoza zonse ndili chigonere pansi, poti kudzuka kunali kosatheka. Amalume anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Amuna anga sanaseke. Anakhala sabata yathunthu akundiyankha ndi mutu wokha, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ntchafu.

Tinagwirizana ndithu, ndipo ndinalonjeza kuti ndikamva kanthu ndizifunsa kaye. Panopa Loweruka lililonse timapitira limodzi ku Ndirande, ndipo anthu amatiyamikira kuti ndife banja lokondana. Zoona zake n'zakuti pakhomo pa jimu paja pali mayi wina wogulitsa thobwa amene amawapatsa moni bambo a Tadala mochita kukoka mawu, ndipo botolo lawo amalidzaza mpaka kukamwa. Sindikunena kuti pali kanthu. Ndikungoyang'ana.