A Khutchumula ndi Mabotolo a mu Kabati

Malemu a Khutchumula sankatha kuona botolo litakhala phee. Mankhwala a chifuwa, inki, madzi a batire, zonse ankakhutchumula. Akuti mdzukulu wawo anamukhutchumula ali khanda, mpaka lero amayenda modzandira. Ku labotale ya payunivesite mdalayu ankatsuka ziwiya, zaka makumi awiri, osakwezedwa.

Mu labotalemo munali mayi wina amene anzake ankamutcha Dokotala Mawa, poti chaka chilichonse digiri yake inkatha mawa. Ankasakaniza madzi ndi fumbi la mkuwa losalala kwambiri, kuti madziwo azichotsa msanga kutentha m'makina. Vuto la madzi otere n'lakuti fumbilo limadikha pansi n'kutseka mapaipi. Koma ake ayi ndithu, miyezi isanu ndi umodzi osadikha. A Pulofesa omuyang'anira anauluka ndi zotsatirazo kumisonkhano, dzina lawo patsogolo.

Pakabati ya mabotolo a madziwo mayiyu anamata pepala loti OSAGWIRA.

"Bambo, mabotolo anga simuwagwira, eti?"

"Ine, mayi? Ndimangowapatsa moni."

Mayiyo anaseka n'kumapita, kupusa kwake.

A Khutchumula atagonekedwa kuchipatala, nesi anawapeza akukhutchumula diripi.

"Agogo, mukutani?"

"Mankhwala onse ali pansi, mwanangu. Mukundipatsa madzi okhaokha."

Anamwalira Lachiwiri. A Pulofesa anapepesa pafoni, kumaliro sanapondeko.

Pofika Lachisanu mabotolo onse makumi atatu anali ndi matope pansi, pamwamba madzi oyera mbee. Dokotala Mawa atawaona anazindikira. Zaka zinayi zonsezi ankayeza mphamvu za mkono wa nkhalamba. Analira, osadziwa ngati akulira maliro kapena digiri, ndipo anawakwiyira malemuwo koopsa.

Anakagogoda kwa a Pulofesa.

"Madzi aja amadikha, bwana. A Khutchumula ndi amene ankawagwedeza m'mawa uliwonse."

"Mwauza ndani?"

"Palibe."

"Oyesa ntchito yanu afika Lolemba." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi inu manja mulibe, mayi?"

Digiri inatuluka. Masiku ano amamutcha Dokotala basi, ndipo alendo amabwera kudzaona madzi osadikha aja. Mu labotale muli zii, ziwiya zaunjikana mu sinki, palibenso woseketsa anthu. Dokotala amafika m'mawa anzake asanabwere, n'kutenga mabotolo limodzilimodzi. Mdala uja ankachita zimenezi poyera, akuimba mluzu, mtima uli mbee. Iye amayamba wakiya chitseko.