Dzanja la Pansi pa Nsalu

Mukadzamva anthu a ku Likhubula akuseka za dzanja lotuluka pansi pa nsalu, dziwani kuti dzanja akunenalo ndi langa. Ndikadali nalo, ngakhale panali tsiku limene ndinalakalaka wina atalidula.

Inali nthawi ija nkhondo ya Jeremani isanabwere. Ndinali mphunzitsi wothandizira pa kasukulu ka mishoni, komanso mkamwini watsopano kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Ukamwini wangawo sunali pabwino. Khasu linkandilemera, ndipo malume ake a Esinati, a Namakhwa, anali atanena poyera kuti mkamwini wongoyang'ana mapepala akhoza kubwerera kwawo. Esinati ndinkamukonda kwambiri, choncho mawu amenewa ankandisowetsa mtendere.

Tsono khukhi wa mzungu wina wa munda wa tiyi anandipatsa buku limene bwana wake anataya. Chingerezi changa chinali chotsimphina, koma nkhani ndinaimva. Munthu wapaulendo anafikira m'nyumba ya alendo, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza mapazi onyowa pansi: lero pakhonde, mawa pabalaza, mkuja pakhomo pa chipinda chake, mwini mapaziwo osaoneka. Abale, ndinkawerenga dzuwa likuswa mtengo, koma thupi lonse tsemwe. Ndinafika pomupempha Esinati kuti azindiperekeza kumtsinje (ndinkanama kuti ndikufuna tizicheza).

Masiku omwewo kumishoni kunabwera nyali yoonetsa zithunzi pansalu. Anationetsa ngamila ndi sitima yapamadzi, anthu n'kumawomba m'manja. Ine mumtima ndinati, ngati ngamila yongoima ikusangalatsa anthu chonchi, nanga nkhani yanga ya mapazi itakwera pansalu? Mudzi wonse udzaona kuti mapepala ali ndi ntchito, ndipo a Namakhwa adzasowa chonena.

Zithunzi zagalasi zoika m'nyali ija ndinalibe, koma sizinandigwetse ulesi. Loweruka masana ndinatseka mazenera a sukulu ndi mphasa, ndinapachika nsalu yoyera, n'kuyatsa nyali kumbuyo kwake kuti anthu aziona chithunzithunzi changa. Mathero a m'buku sanandikhutitse (zinapezeka kuti anali wantchito woyenda ali m'tulo, tangoganizani), ndiye ndinapeka anga: pamapeto dzanja lituluke pansi pa nsalu, ligwire mwendo wa munthu wokhala kutsogolo. Munthuyo ndinamusankhiratu. Anali mnzanga Yotamu, wonyamula katundu wa azungu kuphiri.

"Ndikakugwira, ukuwe ngati wagwidwa ndi kambuku," ndinamuuza.

"Usadandaule, achimwene," anatero Yotamu. "Adzandimva mpaka ku Chitakale."

Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Ine kuseri kwa nsalu ndinkafotokoza nkhani ndi mawu onjenjemera, kwinaku ndikudontheza madzi m'mbale kuti amveke ngati mapazi aja. M'nyumba monse munati zii. Mapazi atafika pakhomo pa chipinda, ndinamva a Namakhwa enieniwo akukalipira chithunzithunzi changa: "Tsekani chitseko, bambo inu!" Mtima wanga unadzaza ndi matama.

Chimene sindinadziwe n'chakuti apongozi anga, amayi ake a Esinati, anafika mochedwa, ndipo Yotamu, poti analeredwa bwino, ananyamuka n'kuwapatsa malo ake. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Chikwatirire changa, amayiwo ndinkawadziwa ndi msana wokha.

Nthawi itakwana ndinagona chafufumimba, ndinalowetsa dzanja pansi pa nsalu, ndipo ndinagwira mwendo kuti gwi! Kukuwa kunalibe. Ndinafinya. Kunalibe. Ndinaugwedeza mwendowo ndithu, n'kunong'ona kuti, "Kuwa, chitsiru iwe!"

M'malo mokuwa, dzanja lina linandigwira pamkono. Linali dzanja lozolowera munsi, ndipo linandikoka chamimba ngati thumba la chimanga mpaka ndinatulukira mbali ya anthu. Okhala kumbuyo ataona chinthu chikukwawa kuchokera pansi pa nsalu, anathawira m'mazenera, mphasa zonse n'kugwa. Kuwala kunalowa. Ine ndi apongozi tinayang'anana maso ndi maso, mphuno zitatsala pang'ono kugundana.

Iwo anakuwa tsopano, koma osati chifukwa cha nkhani yanga. Anatsomphola nsalu ija n'kudzifunda kumutu, akulankhula Chilomwe chothamanga chimene Esinati wakana kundimasulira mpaka lero. Ine ndinangoika nkhope m'fumbi, n'kumapempha nthaka kuti indimeze. Yotamu, poona kuti waphonya ntchito yake, anayamba kukuwa ali pakhomo.

M'mawa mwake a Namakhwa anandiitana. "Aphunzitsi," anatero, "kodi m'buku lanulo analembamo kuti muzigwira apongozi miyendo?"

"Iyayi, malume."

"Nanga zoti muziwatchula chitsiru?"

 Anati mlanduwo mwini wake ndi mlongo wawo, ndipo chimene anene iwo ndi chomwecho. Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kumanga timabuku tanga ndi luzi, misozi ili m'maso, chifukwa ndinkadziwa kuti banja latha.

Dzuwa litapendeka Esinati anabwera kuchokera kwa amayi ake, nkhope ili gwa.

"Amayi akuti mupereke tambala. Akutinso munda wawo wa kudambo mulime wonse, nokha."

"Ndiye kuti ndikhala?"

"Akuti mukhala." Apa anayang'ana kumbali kuti abise kuseka. "Koma akuti ndikuuzeni kuti dzanja lanu linali lofunda. Chinthu chotuluka m'madzi dzanja lake limazizira. Akuti ulendo wina muziyamba mwaliviika mumtsuko."

Tambala ndinapereka. Munda ndinalima mpaka manja anatuluka matuza, ndipo ndikanakonda kukuuzani kuti pamenepo ndinaphunzira kusiya nkhani zoopsa m'mabuku momwemo. Koma mzere uliwonse umene ndinkaunga kudamboko, mutu wanga unali pa chinthu chimodzi chokha: amayi aja ankanena zoona. Likanakhala lozizira, akanakuwa.