Dzina la Amake Tadala

Pali nkhani zina zimene mwamuna amayenera kupita nazo kumanda osauza munthu, koma iyi yandiwira m'mimba mokwana. Ndinanyamuka kuti ndikakonzere akazi anga mapepala okhalira m'dziko muno. Lero ndikulemba izi akazi angawo ali kunja kwa dziko, ndipo wowatulutsa ndine.

Amake Tadala kwawo ndi tsidya la malire, kupitirira Zobue pang'ono. Kwa ife a kwa Kanduku imeneyo si nkhani. Malire anangodutsa pakati pa minda, koma maliro timaika limodzi. Tinakwatirana mwamwambo, ankhoswe anagawana nkhuku, basi. Zaka khumi ndi zitatu, ana atatu, palibe anatifunsapo pepala.

Vuto linabwera atayamba geni ya manachesi ku Blantyre. Tsiku lina anawatsitsa m'minibasi parodibuloko chifukwa analibe chiphaso cha kuno, madengu n'kupitirira okha. Anafika pakhomo maso ali psuu.

"Bambo a Tadala, ndatopa kuyenda ngati wakuba. Ndikonzereni mapepala."

Ndinadziguguda pachifuwa, ndinati zimenezo n'zazing'ono.

M'malo mopita kuofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kukafunsa ngati munthu wanzeru, ndinapita kwa a Chikaonda, anzanga amene amathandiza madalaivala a matiraki kudzaza mapepala paboda. (Munthu ameneyu chibadwire sanayambe wanenapo kuti "sindikudziwa".) Anandifotokozera kuti mkazi amayamba watenga chilolezo chokhalira muno kudzera mwa mwamuna wake, unzika umabwera pambuyo. Mpaka pamenepo zinkamveka. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma achimwene, anthu aja amakayikira maukwati achinyengo. Zithunzi za ukwati muli nazo?"

"Zithunzi ziti? Ife tinangodya nkhuku."

"Nkhuku siilowa mufayelo. Kajambulitseni."

Mafomu anadzaza okha, akukopera pachiphaso cha ku Mozambiki cha akazi anga. Ine ndinangosayina osawerenga, ngati nduna. Anandibwerekanso suti yawo yofiirira, tayi yomwe.

Amake Tadala poyamba anakana. Anati ukwati wathu ndi weniweni, tinamizirenji? Ndinawayankha kuti za boma sazidziwa, andisiyire ine. (Mawu amenewa ndikawakumbukira ndimafuna kudziluma.) Loweruka tinabwereka diresi loyera ndi velo kwa mayi wina wa paboma, n'kukaima m'situdiyo, kumbuyo kwathu nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Diresi linakana kutseka kumsana, mpaka wojambula analigwiriza ndi mapini. Mkwati ine ndinamwetulira mano onse, dazi likuwala, dzanja nditaika paphewa la mkwatibwi wa ana atatu.

Lachiwiri tinalawirira wa ku Blantyre. Amake Tadala ananyamula makadi a kusikelo a ana ndi kalata imene ankhoswe athu analemba ndi bolopeni. Ndinawalanda n'kuziponya pabedi. Ndinati timapepala takudatakuda timeneti tikangotichititsa manyazi pamaso pa mabwana. Ndinavalanso suti ija, poti ndi yokhayo yooneka.

Amene anatilandira kuofesiko anali mayi wa magalasi, wofatsa, wa mtundu uja woti akamakumwetulira umayamba kuulula ndi zimene sanakufunse. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, n'kubwereranso pachithunzi.

"Ukwati unachitika zaka khumi ndi zitatu zapitazo?"

"Eya, bwana."

"Suti mumasunga bwino, bambo. Nanga pulasitala ali pachalayu, nayenso ndi wa tsiku la ukwati?"

Ndinayang'ana chala changa. Ndinali nditadzitema ndi chikwanje sabata yomweyo, ndipo pachithunzi pulasitala yemweyo anali mbee paphewa la mkwatibwi. Ndinayesa kunena kuti chala chimenechi chimavutavuta.

Mayi aja sanakalipe. Anatembenukira kwa amake Tadala n'kuyamba kuwafunsa za ine. Abale, mkazi uja anayankha ngati akuwerenga. Maina anga onse, mwezi umene ndinabadwa, mudzi wa malemu bambo anga, sukulu imene ndinalekezera, ngakhale dzina la m'bale wanga amene anamwalira ndili wakhanda. Ndinakhala tsonga, ndikuona kuti mlandu wa pulasitala wafafanizika.

"Tsopano inu, bambo. Dzina la akazi anu ndani?"

"Amake Tadala."

"Dzina lawo."

"A Nachisale."

"Umenewo ndi mfunda. Ndikufuna dzina limene lili pafomu mwasayinayi."

Mundimvetse, owerenga. Kwathu mwamuna satchula dzina la mkazi wake, ndi mwano. Pa chibwenzi ndinkawaitana a Nachisale, mwana atabadwa anakhala amake Tadala, ndipo abale awo nawonso amawaitana choncho. Dzina lenileni ndinkadziwa kuti lilipo, lachipwitikizi, monga mmene umadziwira kuti m'nyumba muli singano penapake. Ndinasuzumira pafomu, mayi aja anaphimba ndi dzanja. Apa munthu wanzeru akanavomera kuti waiwala. Ine ndinaganiza za maina a tsidya lija n'kusankha limene limachuluka.

"Maliya."

Ndinamva mpando wa amake Tadala ukusuntha pang'ono kutalikira wanga.

"Mayi," anatero a magalasi aja, "bambowa ndi amuna anudi?"

"Ndinkayesa choncho."

Mayi a magalasi aja anatiuza mwaulemu kuti nkhani yathu iyenera kufufuzidwa. Ndidzabwere ndi ankhoswe, makadi a ana, chilichonse chosonyeza kuti banjali lilipo. (Inde, zomwe zija zinali pabedi.) Pakadali pano, poti amake Tadala alibe chilolezo, akadikirire kwawo.

Pobwerera, minibasi inawoloka Shire pa Zalewa. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, ndipo bwenzi zitandipepukira. Koma amake Tadala analankhula motsitsa, maso ali pawindo.

"Dzina lija anandipatsa ndi malemu bambo anga. Ndinakuuzani tsiku loyamba, pachigayo, inu n'kunena kuti ndi lokoma. Zaka zonsezi ndimayesa simulitchula chifukwa cha ulemu. Kani mulibe."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo, oposa a suti, oposa a pulasitala.

Pano papita miyezi inayi. Anapita ndi wamng'ono, akuluakulu awiri ndatsala nawo, ndipo Tadala amandiyang'ana ngati woweruza. Ankhoswe ndinapita nawo, makadi ndinapereka, akuti tidikire. A Chikaonda ndinawabwezera suti yawo, iwo n'kundiuza kuti cholakwika changa chinali tayi.

Lamulungu lililonse ndimapalasa njinga kukawaona. Ulendo woyamba ndinayeseza dzina lija njira yonse, poti ndinali nditaliwerenga pamakadi a ana aja, ndipo nditafika pabwalo la apongozi ndinapeza amake Tadala akuyanika zovala. Ndinatsokomola n'kuitana bwinobwino, chilembo chilichonse m'malo mwake.

"A Felizarda."

Sanatembenuke. Anakung'untha malaya a mwana n'kuwapachika pachingwe.

"Mukalitchule kuofesi, bambo a Tadala. Ndi kumene likufunika."

Mapepala a boma mwina adzatuluka, ndaphunzira kudikira pamzere ndi kunena zoona. Zinazi sindikudziwa kuti ofesi yake ili kuti.