Mmene Ndinasamutsira Tizilombo M'thobwa Langa

Amene akuti ndikunama anyamuke pompano, mpandowo akhalepo wa makutu. Ine ndagulitsa thobwa pageti pa sukulu kuno ku Chiromo mpaka imvi zamera, ndipo bodza ndimanena potchula mtengo pokha.

Kunabwera achinyamata a ku yunivesite kudzakopa ana kuti akonde sayansi, atanyamula chimakina cha diso limodzi chokuza tinthu tosaoneka. Mtsikana wina mwa iwo anandipeza pandowa panga, nati, "Agogo, tigawireniko kadontho ka thobwa tiyeze." Ndinampatsa. Ana anasuzumira mmodzimmodzi, ndipo aliyense akadzutsa mutu ankandiyang'ana ngati mfiti. "Thobwa la agogo likuyenda!" Malonda anga anafera pomwepo, ndowa ili tho, dzuwa lathu lino likuiwiritsa.

Ndinawauza achinyamata aja kuti atembenuze chimakinacho, pakuti chinthu chokuza mbali iyi chiyenera kuchepetsa mbali inayo, zimenezo sizifuna digiri. Nditangosuzumira chakumbuyo ndinayamba kufota, kufota, mpaka nyerere inandidutsa ngati lole ya nzimbe, ndiye ndinadumphira m'kadontho muja, thibu, n'kugwira gaga wa mapira kukhala bwato langa, mwendo wa udzudzu nkhafi, ndipo nditapalasa mpaka mapewa kuwawa ndinatulukira pamudzi wathunthu wa tizilombo, wokhala ndi msika, chigayo, ndi mipingo iwiri yosalankhulana. Mukumva? Tinandilonjera m'Chisena, "Muli tani, mbuya?" popeza tizilomboto tinabwera ndi madzi a mtsinje wa Ruo kuchokera ku Mozambiki.

Ndinati samukani, mwandiphera malonda. Wamkulu wawo, wa ndevu ngati mlamba, anati, "Mbuya, makolo athu anaikidwa muno muno. Tipite kuti?" Apo ndinadziwa kuti awa ndi anansi athu enieni, chifukwa nafenso madzi osefukira amatifika m'khosi tikuyankha boma lofuna kutisamutsa mawu omwewo. Ndinawaopseza ndi moto, anaseka. Ndinawalonjeza shuga, anati ali naye kale, wanga yemwe. Ndiye ndinachita za pamsika: ndinatembenuza bwato ngati wogula wonyanyala, n'kung'ung'udza chapansipansi kuti zilibe kanthu, m'ndowa ya mayi wogulitsa moyandikana nane akugawa mabulangete ndi ufa, koma kwa oyamba kufika okha.

Abale, munaonapo fumbi m'madzi? Tizilombo tija tinathawa tonse, mipingo iwiri ija itagwirana manja, opunduka patsogolo, ngakhale makolo oikidwa aja anadzuka n'kutsatira, mitolo pamutu.

Mtsikana uja atabweza chimakina ndinatuluka ndili chonyowa, thobwa likuchucha m'makutu. Ana anasuzumiranso, osapeza kanthu koma bwato langa likuyandama lokha. Ndowa inatha nthawi yomweyo, ena mpaka kunyambita chivundikiro.

Kuyambira tsiku limenelo ana a pano sanakhalenso bwino. Matako a mabotolo anatha m'mudzi, magalasi a ahedi anasowa, chilichonse akufuna achione mkati. A ku yunivesite anapita akuwombera m'manja kuti ntchito yawo yaphula kanthu, ine ndinangowasiya, alendo sitiwatsutsa.

Mmodzi mwa ana aja lero ali ku yunivesite komweko, tsiku lonse diso pamakina. Amayi ake amanyada kuti akufufuza za kolera. Kolera wanji! Ine ndinalengeza kuti patapata wanga wa kumanzere anatsalira m'kadontho muja, ndipo amene adzam'peze adzamwa thobwa laulere moyo wake wonse. Afufuze ndithu, afike mpaka paudokotala. Tsiku la kadontho lija ndinachoka kunyumba wopanda nsapato, ngakhale patapata.