Maliro a Kagalimoto ka ku Mars

Lolemba

Komiti ya maliro ya kuno ku Bangwe yandiimitsa. Ine! Zaka zonsezi wowerenga mbiri ya malemu ndine, lero apampando, a Makwinja, akuti ndimatalikitsa. Mlandu ndi wa mwezi watha: ndinalankhula ola lathunthu, mvula inapeza bokosi panja. Ngati mvulayo ndinaitana ndine. Malo anga apatsa a Likoswe, amene amawerenga moyo wa munthu ngati akuthamangira minibasi.

Zandipweteka, osanama.

Koma pali nkhani ina. Ku Mars kuli kagalimoto kopanda dalaivala, kamayenda kokha, kuunika miyala ndi zimaenje. Zithunzi zake ndimaziona pa foni m'mawa uliwonse ndikumwa tiyi. Tsopano kangoti zii, masiku khumi. Kamwalira. Ndipo palibe amene akukonza maliro!

Ndikonza ndine, Loweruka. Mbiri ya mphindi khumi zokha. Komiti imve, indibwezere malo anga.

Lachiwiri

Tadala, mwana wanga wokhala ku Chinyonga, pa foni: "Adadi, sikanafe. Mars ili kuseri kwa dzuwa, netiweki kulibe. Dikirani kaye." Amatero onse akamabisa maliro.

Zofunika:
- mwini maliro
- m'busa
- adzukulu okumba manda
- thupi

Mwini maliro palibe. Eni ake ali kutsidya kwa nyanja, ndawalembera, sakuyankha. Achibale otere ndawaona ambiri, amatulukira tsiku logawana katundu.

Abusa: "Kankapemphera mpingo wanji?" Sindikudziwa. Akana.

A Twaibu a telala, oyandikana nawo nyumba: "Kukanakhala kwathu tikanaika tsiku lomwelo. Masiku onsewa ali pamtetete? Zamanyazi." Munthu mmodzi yekha wondimvetsa m'Bangwe muno.

Lachitatu

Adzukulu avomera, bola adye. Ku manda akuti malo kulibe, tikumba kuseri kwa nyumba.

Thupi lili kutali. Mwambo wake, likasowa thupi timaika thunthu la nthochi. Akazi anga, mayi a Tadala: "Mukhudze nthochi yanga muone." Chabwino. Ndiponso nthochi sifanana n'komwe ndi malemu. Malemu anali ndi matayala. Wilibala!

Yathu ili ndi tayala limodzi, malemu anali nawo sikisi. Mkulu wa adzukulu: "Palibe kanthu, munthu akamwalira nkhope imasintha." Aiyeza ndi bango. Kenako mkangano mpaka masana: mutu wa wilibala uli kuti, ku tayala kapena ku zigwiriro? Ine ndikuti ku tayala, poti ndiko kumatsogola. Iwo akuti tayala ndi phazi, munthu saikidwa chozondoka.

Wilibalayo ndi imene mayi a Tadala amanyamulira makala a geni yawo. Sindinawauze. Ndikufuna nthawi yabwino.

Lachinayi

Tsiku la mbiri. Mitu yake:
- Anabadwira m'fakitale. Makolo ambirimbiri.
- Ulendo wa miyezi ndithu, osaima pa siteji ngakhale imodzi.
- Ntchito: kuboola miyala, kupima fumbi, kujambula zimaenje. Tchuthi ayi.
- Ankasaka madzi kumalo kopanda madzi. Apa anthu a ku Bangwe alira, amazidziwa.
- Sanakwatire, sanamwe, sanayambane ndi munthu, poti munthu kunalibe.

Pa mutu womalizawu ndalira ndekha. Zaka zonsezo kutumiza zithunzi kwanu, popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Chipumireni pa ntchito, kamoyo kameneka ndimakadziwa.

Ndayesa ndi wotchi. Mphindi makumi anayi! Ndachotsa ndime imodzi. Ndawonjezera ziwiri, chifukwa za mphepo ya fumbi sizingasiyidwe.

Lachisanu

M'mawa ndayala masamba pamsewu, uku ndi uko, monga timachitira pa maliro. Zikuyenda! Akabaza akutsika njinga, minibasi yazimitsa nyimbo, azibambo akuvula zipewa. Malemu akulandira ulemu umene sanauonepo.

Vuto: sindinalembe kuti wamwalira ndani.

Amayi a m'mudzi akufika, akundipeza panja nkhope yakugwa. Akuyang'ana pakhomo, akazi anga palibe. Basi, ayamba. "Mayi a Tadala inu, mwatisiya bwanji!" Ndikuyesa kufotokoza za Mars. Wina: "Asiyeni, mutu wasokonekera ndi chisoni."

Cha m'ma leveni mayi a Tadala akutulukira kuchokera ku msika, thumba la makala pamutu, poti wilibala sinaoneke. Amayi atatu kudumpha mpanda. Mmodzi wasiya chitenje pa minga.

Zimene ndauzidwa m'nyumba sindilemba. Chakudya chamasana palibe.

Loweruka

Anthu adzaza! Ambiri abwera kudzaona misala, ndikudziwa, koma khutu ndi khutu. A Makwinja ali kutsogolo ndi wotchi. A Likoswe pambali pawo, kumwetulira. Wilibala ili pamphepete pa dzenje, ndaifunditsa nsalu yoyera ya a Twaibu.

Ndayamba bwino. Mawu akutuluka ngati kale. Pa nkhani ya madzi gogo wina wati "Mhm!" Ndikuona komiti ikufewa.

Tsamba lachitatu, foni m'thumba: ting! Ndikupitiriza. Ting! Ting! A Makwinja: "Bweretsani ndizimitse." Ayang'ana. Akukhosomola. Akuimirira.

"Anamalira, pepani. Malemu atumiza chithunzi."

Uthenga ndi wa Tadala. Kagalimoto kadzuka. Kajambula mwala, kenako kadzijambula kokha, fumbi mbuu, koma kali bwinobwino.

Chipwirikiti! Ena akuthawa, ena akulimbirana foni kuti aone malemu. Ine ndikukuwa kuti mbiri sinathe, kwatsala masamba naini. Palibe akumva.

Mkulu wa adzukulu: "Dzenje silikwiriridwa lopanda kanthu, limaitana wina." Onse akuyang'ana ine. Kenako wilibala.

Taiika. Mutu ku zigwiriro, ndagonja. Mayi a Tadala aonerera mpaka fosholo yomaliza, manja m'chiuno. Bola akanakalipa.

Lamulungu

Komiti yakumana tikuchokera ku tchalitchi. Chigamulo: mbiri ndi ya a Likoswe mpaka kalekale. Ine ndizinyamula mipando. Makala a mayi a Tadala ndizisenzanso ine, Lolemba ndi Lachisanu.

Kagalimoto kakupitiriza ntchito. Lero kakwera kaphiri. Sikakudziwa kuti kali ndi manda ku Bangwe.

Pobwerera ndadutsa pa mjigo. Amayi awiri achilendo, wina kulozera mnzake ndi mlomo: "Aja anaika wilibala aja." Dzina langa sakulidziwa n'komwe.

Ndiye kuti tsiku langa likadzafika adzanena zomwezi. Ayi. Ndakhala pansi, ndalemba mbiri yanga ndekha, kuti a Likoswe adzangowerenga. Kubadwa, sukulu, ukalaliki, ukwati, Tadala, penshoni, komiti. Ndaiwerenga mokweza, mosathamanga, wotchi pa tebulo.

Mphindi ziwiri.

Ndaganiza, ndaganiza, kufufuza chimene ndaiwala. Palibe. Ndawonjezera za wilibala. Zakwana zisanu.